Chithunzi cha Ambokile

Zebedee Kalua anabadwira ku Sangilo, m'boma la Karonga, m'banja la asodzi, koma iye m'bwato sanalowemo. Poliyo inamugwira asanayambe n'komwe sukulu, n'kumusiyira mwendo wakumanzere wowonda ndi wopindika, moti bambo ake anaweruziratu kuti mwana ameneyu wa pamadzi sali. Anzake akamapita kokoka makoka, iye ankatsala kumtunda n'kumaingitsa nkhuku pa usipa woyanika. Pofuna kuti tsiku lithe, ankatola makala n'kumajambula pa matabwa a mabwato akutha: agalu, ng'ombe, amayi atasenza madengu, ngakhale bambo ake omwe ali chigonere kukamwa kuli yasa.

Atalekeza sukulu, amalume ake anamutengera ku Mbeya, n'kukamupereka kwa fundi wina wolemba zikwangwani. Kumeneko ndi komwe anaphunzira kusakaniza penti, kuimika zilembo kuti zisapendeke, ndi kupatsa nkhope ya munthu mthunzi kuti ioneke yamoyo. Dziko litalandira ufulu anabwerera kwawo, nakwatira Febby, mwana wa a Gondwe, ndipo anamanga pa Uliwa, pafupi ndi msewu waukulu. Ntchito sinkasowa. Wa golosale ankafuna dzina pakhoma, telala ankafuna chithunzi cha makina osokera, asodzi ankabwera kudzamutenga pa njinga kuti akalembe mayina pa mabwato awo. Anthu ankangomutcha Fundi.

Ntchito yomwe iye ankainyadira koposa inali pakhoma la bala ya Kenan. Anajambulapo oimba a bandi monga momwe ankawaonera ku Tanzania: woimba gitala wa tsitsi lalikulu, wa ng'oma maso ali otsinzina, ndi mtsikana akuvina, diresi lake litalekeza pamwamba pa mawondo. Madalaivala a malole ankaima kudzangoona khomalo, ndipo Kenan ankati kuyambira pomwe linajambulidwa mowa sunkagonanso m'makireti.

Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe. Amayi analetsedwa madiresi aafupi, amuna analetsedwa tsitsi lalitali. Zebedee analimva lamulolo pa wailesi ngati wina aliyense, koma sizinamufikire m'mutu kuti likhoza kukhudzanso anthu a pakhoma. Tsiku lina m'mawa anyamata a chipani anafika pa balayo. Kenan atafunsidwa, anayankha kuti iye anangopempha chithunzi, zovalazo anasankha ndi mmisiri. Wina mwa anyamatawo anakumbukira kuti mmisiriyo anakhalako ku Tanzania, ndipo nkhani inakula pomwepo. Anamupeza akulemba chikwangwani cha wometa, n'kumukweza pa lole. Bokosi lake la maburashi ndi zitini za penti analiotcha pamsewu anthu akuona, ndipo khoma la Kenan analipaka laimu tsiku lomwelo.

Anamusunga ku Boma masabata angapo. Anabwerako atametedwa mpala, ali wowonda, ndipo zomwe zinachitika kumeneko sanauze munthu, ngakhale Febby. Mlandu panalibe, koma pa Uliwa dzina lake linali litanunkha. Eni masitolo ankamupatsa moni wapatali. Amene ankafuna chikwangwani ankalola kulemba yekha zilembo zokhotakhota kusiyana n'kuonedwa ali pakhonde la Fundi. Zebedee anayamba kusoka maukonde a anthu, ntchito yomwe ankaidziwa koma sankaikonda, ndipo pakhomo pankadyedwa chifukwa cha zitumbuwa zomwe Febby ankagulitsa pa siteji ya basi. Makala ankawaona pa moto, koma sankawatolanso.

Chaka chotsatira, pa chipatala chaching'ono cha m'deralo panabwera namwino watsopano, Thelma Dzonzi, wa ku Ntcheu. Anali mayi wamfupi, woyenda mwachangu, wamasiye wa ana awiri. Chitumbuka sankachidziwa, Chinkhonde ndiye ayi ndithu. Tsiku la sikelo ankaima kutsogolo kwa amayi n'kufotokoza za katemera ndi za phala la ana, iwo n'kumavomera mwaulemu, koma mwezi wotsatira ana ankabwera ali chimodzimodzi, ena atatupa miyendo, tsitsi litafiira. Zithunzi zosindikiza zomwe anapatsidwa zinkaonetsa mwana wovala nsapato akumwa madzi a pampopi. Amayi ankaziyamikira kukongola, n'kunena kuti amenewo ndi ana a m'tauni.

Mvula ya chaka chimenecho inakokolola laimu pakhoma la Kenan. Oimba aja sanatulukire onse, koma nkhope ya wa ng'oma inayamba kuoneka, maso ali otsinzina ngati munthu amene akumva kukoma. Thelma anaiona akudikira basi, ndipo anaima nthawi yaitali akuiyang'ana. Anafunsa mayi wogulitsa zitumbuwa kuti anajambula ndani. Mayiyo, yemwe anali Febby, anayamba wayang'ana uku ndi uku, kenako anayankha motsitsa mawu kuti ndi abambo akunyumba kwake, koma anasiya.

Loweruka masana Thelma anafika pakhomo pawo. Anapeza Zebedee atakhala pansi pa mtengo wa mango, ukonde uli pamiyendo, ndodo yake itatsamira pa tsinde. Atapatsana moni, anafotokoza chomwe anadzera: ankafuna zithunzi za anthu a komweko, akudya zakudya za komweko, zoti amayi akaziona azidziona okha.

"Pepani Sisita," anatero Zebedee, m'Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka. "Ine za penti ninaleka. Mukaonedwa pano, nanunso muzafunsidwa mafunso."

"Mafunso ndiyankha ndekha, bambo Kalua. Ine vuto langa n'lakuti ndili ndi pakamwa koma anthu anu sakundimva. Inu muli ndi dzanja. Mundibwereke."

Zebedee anakana ndithu. Anati alibe burashi ngakhale imodzi, ndipo sakufuna kukweranso lole ija. Thelma sanakakamize. Anamwa madzi omwe Febby anamupatsa, n'kutsanzika. Koma Lolemba lake anavala yunifolomu yochita kusita, n'kupita yekha kwa tcheyamani wa chipani wa deralo. Anamuuza kuti boma likufuna ana athanzi, kuti iye watumidwa ndi boma lomwelo, ndipo kuti ntchito yake yaima chifukwa chosowa wojambula. Anawonjeza kuti alendo a ku likulu akadzabwera kudzaona sikelo, adzanena poyera kuti zonsezi zatheka chifukwa cha tcheyamani. Bamboyo anaganiza pang'ono, n'kuvomera, bola iye aziona chithunzi chilichonse chisanapachikidwe.

Febby ndi amene anamaliza nkhaniyo. Anauza mwamuna wake kuti watopa kugona ndi munthu wongopuma koma wosakhala moyo, ndipo kuti mayi wachilendo sangavutike chotere iye n'kumangosoka maukonde. M'mawa mwake Zebedee anapita kwa wopha ng'ombe kukapempha ubweya wa kumchira. Anaumanga pa timitengo ta nsungwi ndi ulusi wa ukonde, n'kuudula bwinobwino ndi lezala. Penti anatola yotsalira m'zitini za asodzi. Yakuda anapanga ndi mwaye, yofiira ndi katondo wosefa. Thelma anamupezera matumba a ufa wa tirigu, Febby anawachapa n'kuwasoka pamodzi.

Tsiku la sikelo Zebedee ankakhala pa benchi chakumbali, akuyang'ana ndi kujambula ndi pensulo. Dzanja silinachedwe kukumbukira njira yake. Nsalu yoyamba inaonetsa mayi akusinja usipa wouma mu mtondo, n'kuuthira m'phala la mpunga. Yachiwiri inali ya mtsuko wovundikira, kuseri kwake kuli nthochi ndi khola la ng'ombe. Zitapachikidwa, amayi anadzuka pa mabenchi n'kuunjikana. Anayamba kulozerana, kuseka, kukangana kuti mayi wa mtondoyo ndi uje, ayi ndi uje, taonani mangidwe a duku. Thelma anangoloza ndi kamtengo n'kufunsa kuti apa akuchita chiyani, ndipo amayiwo anafotokozerana okha m'chinenero chawo, bwino koposa momwe iye akanathera. Tsiku limenelo sikelo inaweruka mochedwa.

Kenako Thelma anapempha chithunzi cha mwana wotupikana, choti amayi azizindikira matendawo asanakule. Pa nthawiyo pa chipatalapo panagonekedwa mwana wina, Ambokile, wa zaka ngati zitatu. Mayi ake anali Dora, bambo ake Manase, msodzi wa ku Mwenilondo yemwe anasamukira ku Sangilo. Mwanayo anali atadwala chikuku, ndipo chitatha thupi linayamba kutupa. Zebedee anapempha kwa Dora, iye anavomera ndi mutu osaganiza zambiri, mtima wake uli pa mwana. Fundi anajambula zonse monga momwe anazionera: masaya otupa, khungu losenda, maso otopa ngati a nkhalamba. Aliyense woona nsaluyo ankadziwa kuti ndi Ambokile.

Nsaluyo inapachikidwa, ndipo pasanapite masiku ambiri mwanayo anamwalira.

Maliro asanathe n'komwe, manong'onong'o anali atayamba. Ena ankati Fundi anatenga mthunzi wa mwana n'kuukhomera pa nsalu. Ena ankakumbutsa kuti munthuyu anaphunzira ntchito yake kunja, ndipo palibe akudziwa zina zomwe anaphunzirako. Sikelo yotsatira amayi anabwera ochepa, ndipo obwerawo ankafunditsa ana awo kumaso Zebedee akamadutsa. Iye anabwerera kunyumba n'kukulunga maburashi ake m'chiguduli. Anauza Febby kuti dzanja lake lili ndi tsoka, kulikonse komwe lagunda pamatuluka mlandu.

Manase anafika pa chipatala m'mawa wina, chikwanje chili m'manja, akufuna nsaluyo ndi mwini wake. Thelma anatuluka n'kuima pakhomo. Anali atachotsa kale nsaluyo, ndipo anaipereka kwa bamboyo ndi manja awiri, itapindidwa.

"Bambo a Ambokile, amene anapempha chithunzichi ndine. A Kalua ndinachita kuwatuma. Ngati pali wolakwa, ndi ine, chifukwa sindinaganize kuti nkhope ya mwana wanu si yanga yoti ndiziphunzitsira anthu. Koma mwana wanu sanafe ndi penti. Ndinamugwira ndi manja angawa mpaka pomaliza, ndipo ndikudziwa chomwe chinamutenga."

Manase anapana nsaluyo m'khwapa, n'kutembenuka kumapita. Thelma analowa m'chipinda chake chogwirira ntchito, n'kukhala pa mpando. Madzulo ake anapita kwa Zebedee kukamuuza zomwe zinachitika, ndi kumupempha kuti asataye maburashi. Iye anangoti wamva.

Patapita masabata angapo, Febby akusesa pabwalo anaona mayi wovala zakuda ataima kumpanda. Anali Dora, atanyamula nsalu ija m'dengu. Zebedee atamuona anatuluka n'kumupatsa mpando. Dora anakana mpandowo, n'kukhala pansi pa mkeka pamodzi ndi Febby. Anayankhula m'Chitumbuka, mawu ali otsika. Anati mwamuna wake ankafuna kuiwotcha nsaluyo, koma iye anaibisa, chifukwa padziko lonse palibenso china chosonyeza kuti Ambokile anakhalako. Ku situdiyo anali asanapite naye. Komabe akaifunyulula sagona, pakuti amene ali pamenepo ndi mwana wake ali m'masautso.

"Adada," anatero, "inu munamuona atatupa kale. Sanali wotero mwana wanga. Ndikakuuzani momwe analili, mungathe kundibwezera nkhope yake yabwino?"

Zebedee anali asanajambulepo munthu yemwe sanamuone. Anayankha kuti sakulonjeza, koma ayesa.

Anayamba tsiku lomwelo, pa pepala, ndi pensulo. Dora ankafotokoza: masaya anali odzaza koma osati otupa, tsitsi lakuda bii, mano akutsogolo otalikirana pang'ono, ndipo akamaseka diso limodzi linkatsinzina koposa linzake. Zebedee ankajambula, Dora n'kupukusa mutu, iye n'kufufuta. Dora anabwera kangapo, akuyenda wapansi kuchokera ku Sangilo. Pakamwa panatheka, mphuno inatheka, koma nkhopeyo inkakhalabe ya mwana wa munthu wina. Pomaliza Dora anati vuto ndi chipumi ndi makutu. Zimenezo mwanayo anatengera bambo ake, ndipo iye sangathe kuzifotokoza ndi pakamwa.

Momwe Dora anamunyengerera Manase palibe akudziwa. Koma Lamulungu lina ataweruka ku tchalitchi, anafika onse awiri. Manase sanapereke moni. Anakhala pa mpando womwe anamulozera, manja ali pa mawondo, maso ali ku msewu. Zebedee anakhala moyang'anizana naye, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'anitsitsa munthu yemwe anamufunafuna ndi chikwanje. Anaona chipumi chotambalala, makutu opindikira kutsogolo pang'ono, ndi maso ofiira a munthu amene tulo tinamuthawa. Anamupempha kuti atembenukire kumanja, bamboyo anatembenuka.

Atamaliza, anapereka pepalalo kwa Dora. Iye analiyang'ana, n'kutseka pakamwa ndi dzanja. Kenako anaseka pang'ono, misozi ikutsika, n'kunena kuti ndi yemweyo, watsala pang'ono kupempha nthochi. Manase anadzuka n'kusuzumira paphewa la mkazi wake. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka kumpanda n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, nsana uli kwa anthu. Febby anauza ana kuti asapite kumeneko.

Chithunzi chenichenicho Zebedee anachijambula pa thabwa losalala, ndi penti yabwino yomwe Thelma anaitanitsa ku Boma. Anamuveka Ambokile malaya abuluu omwe mayi ake anatchula, ataima pa mchenga, m'manja muli nthochi yosenda. Tsiku lodzachitenga Manase anabwera yekha pa njinga. Anachikulunga mu chitenje mosamala, n'kuchimanga pa keliyala. Asanakwere anamasula nsomba yaikulu ya mpasa yomwe inali pa chiwongolero, n'kuipereka kwa Febby. Kwa Zebedee anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, Fundi," n'kugwirana naye chanza.

Dora anachipachika m'nyumba mwake, ndipo anthu a ku Sangilo ankabwera kudzachiona. Manong'onong'o aja anazilala okha. Sikelo inadzazanso, ndipo Dora yemweyo, atabereka mwana wina chaka chotsatira, ndi amene ankaimirira kutsogolo kumasulira mawu a Thelma. Zebedee anajambula nsalu ina ya mwana wotupikana, koma nkhope yake anachita kupeka, yosafanana ndi mwana wa munthu aliyense, ndipo lamulo limenelo analisunga moyo wake wonse.

Kuchokera pamenepo kunabwera ntchito yomwe iye sanaiganizirepo. Anthu ofedwa anayamba kufika pakhonde pake. Mayi wina anabwera ndi azilongo ake a mwamuna wake yemwe anamira pa nyanja, kuti Fundi atenge maso kwa uyu, chibwano kwa uyo. Mphunzitsi wina ankafuna mayi ake omwe anamwalira iye ali ku koleji. Zebedee ankawakhazika pansi, Febby n'kuwapatsa tiyi, ndipo ankawalola kufotokoza mpaka atatopa, pakuti anazindikira kuti nkhope imatuluka bwino munthu akamakamba zomwe malemuyo ankachita kusiyana n'kungotchula mphuno ndi milomo. Zina zinkatheka, zina ayi, ndipo zikakanika ankanena poyera.

Eni masitolo nawo anabwerera mmodzimmodzi. Akulu a mpingo anamupatsa khoma la kuguwa, pomwe anajambula asodzi a ku Galileya ali m'mabwato ogoba ngati a ku Sangilo. Ngakhale Kenan anabwera, chipewa chili m'manja, akuyankhula mozungulira. Zebedee anamulola kudikira miyezi ingapo, kenako anakamujambulira ng'ombe zikumwa madzi pa dambo. Akuluakulu a zaumoyo ataona nsalu za pa sikelo, anapempha zofanana nazo za zipatala zina za m'bomalo, ndipo tcheyamani uja anatamandidwa pa msonkhano monga momwe analonjezedwera. Ana a Zebedee anaphunzira sukulu, nyumba inafoleredwa ndi malata, ndipo Febby anasiya kuima pa siteji.

Thelma anakhala m'deralo zaka zingapo, mpaka Chitumbuka anayamba kuchiyankhula, ngakhale amayi ankaseka katchulidwe kake. Kusamutsidwa kwake kunabwera mwadzidzidzi. Sabata imeneyo Zebedee anali ku Mwenilondo, akulemba mayina pa mabwato, ndipo pobwerako anapeza m'nyumba ya namwino muli anthu ena. Febby ndi amene anathandiza Thelma kumanga katundu, ndipo anati Sisita anasiya moni. Zebedee zinamupweteka. Zaka zonsezo ankaonana naye pafupifupi sabata iliyonse, akukangana za mitundu ya penti ndi kukula kwa zilembo, koma sanakhalepo pansi n'kumuthokoza monga munthu amathokozera. Ankaganiza kuti nthawi ilipo.

Zaka zinapita, tsitsi lake linachita imvi. Cha m'ma 1980 anaitanidwa ku Lilongwe, ku maphunziro a anthu okonza zithunzi za zaumoyo, kuti akaonetse momwe amagwirira ntchito. Unali ulendo wake woyamba kupita kumeneko. Febby anamumangira thumba la mpunga wa kilombero n'kumuuza kuti asabwerere nalo. Pa maphunziropo ankafunsa namwino aliyense wachikulire ngati akumudziwa Thelma Dzonzi, mpaka wina anamuuza kuti anapuma ntchito, ali kwawo ku Ntcheu, ndipo ali ndi tiirumu m'mbali mwa msewu. Maphunziro atatha, anzake anakwera basi ya kumpoto, iye anakwera ya kumwera.

Anatsika masana, kukuzizira mphepo yomwe iye sanaizolowere. Tiirumuyo inali kanyumba kopaka laimu, kopanda dzina. Mkati munali mayi wonenepa, wa magalasi, akupukuta matebulo. Anamva kugogoda kwa ndodo pakhonde, n'kutukula mutu.

"Bambo Kalua," anatero, ngati anasiyana dzulo. "Mwakalamba bwanji."

Anakhala pansi, tiyi anabwera ndi masikono. Thelma anafunsa za Febby, za ana, za Dora, za tcheyamani uja, za mtengo wa mango wa pakhomo paja. Zebedee anayankha zonse, kenako anaika kapu pansi. Mawu omwe anawakonza ulendo wonse anamuthawa, ndipo ananena omwe anabwera.

"Sisita, ine ninali nitafa, ninkangoyenda. Pa Uliwa ponse, anthu obadwa nawo pamodzi, palibe anaponda pakhomo panga. Munabwera ndinu, mlendo. Ndipo tsiku la chikwanje lija munaima pakhomo m'malo mwanga. Ana anga aphunzira chifukwa cha inu. Nabwera kuti ninene zimenezi pamaso panu. Tawonga chomene."

Thelma anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje. Anati iye sanabwere kwa Zebedee chifukwa cha chifundo. Anabwera chifukwa anali atatsala pang'ono kupempha kuti amubweze kwawo, poona kuti akungowononga nthawi ya anthu. Anati pa malo onse omwe anagwirako ntchito, ndi ku Karonga kokha komwe anachoka akudziwa kuti wasiyako kanthu, ndipo kanthuko sakanakachita yekha. Choncho ngati ndi kuthokoza, athokozane, nkhani ithe, tiyi asazizire.

Zebedee anakhalako masiku angapo, akugona kwa mwana wamwamuna wa Thelma. Tsiku lachiwiri sanathe kupirira khoma lopanda kanthu lija. Anagula penti ndi burashi pa sitolo ya pafupi, n'kufunsa mwini wake kuti alembepo chiyani. Thelma anati dzina alibe nalo ntchito, anthu amadziwa kale kuti ndi kwa Nadzonzi. Angojambula ketulo ndi kapu, koma ketuloyo ikhale yofanana ndi yake, yotiwizika m'mbali. Anakangana za mtundu wa kapu ngati kale, ndipo anapambana ndi Thelma.

Pobwerera Thelma anamukweza basi ndi thumba la mbatata ya kachewere ndi makabichi akuluakulu, katundu wolemera koposa mpunga womwe anabwera nawo. Kondakitala anadandaula, Thelma anamukalipira mpaka anaukweza pamwamba. Ulendo unali wautali, ndipo makabichi ena anafota ndi kutentha basi itatsikira kunyanja. Pa Uliwa Febby anagawira anansi onse, n'kupatula dengu limodzi loti lipite ku Sangilo kwa Dora. Kenako anakhazika mwamuna wake pakhonde kuti afotokoze zonse kuyambira pomwe anatsika basi, osadumpha kanthu. Zebedee anayamba kufotokoza, koma atafika pa nkhani ya magalasi Febby anati sakutha kumuona m'maganizo Sisita atanenepa chotero, ndiye Fundi anaitanitsa pensulo.